Chigongono cha Kumanzere

9 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wa kuno kutali. Ife tili bwino, kupatula kuti Nyenje wagweruka dzino lakutsogolo ndipo akuimbabe tsiku lonse, mphepo ikutulukira pa mpatapo. Nanga inu muli bwanji ndi lole yanu ya buledi ija? Amayi ali bwanji? Mundilembere zonse, osati mizere itatu yanu ija.

Nkhani ndi iyi. Ndakhala ndikupempha tchuthi kuchipatala kuno mpaka akulu a anamwino atopa nane, andilola. Tikubwera chilimwe chino, ine ndi Nyenje. Bambo ake atsala, ntchito yawakaniza. Ndasankha dala mwezi wa Ogasiti kuti tidzapezeke pa Chikondwerero cha Makwaya ku likulu. Chimachitika kamodzi pa zaka zisanu, ndipo ziwiri zapitazi zinandiphonya ndili kuno. Ichi ndiye ayi. Amayi akukula, ndani akudziwa ngati adzakwerenso masitepe aja ulendo wina? Ndikufuna Nyenje adzaone ndi maso ake agogo ake ataima pakati pa oimba a dziko lonse. Ndikamamuuza kuti anthu zikwizikwi amaimba nyimbo imodzi nthawi imodzi, amandiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti, "Amayi, musiye kukokomeza."

Kodi mayeso a mawu anachitika kale? Amayi anakhoza, zimenezo sindikukayika. Nanga anzawo a kuseri kwa mpanda, a Chigongono? Akadali osalankhulana? Ndinamufotokozera Nyenje kuti agogo ake ali ndi oyandikana nawo nyumba amene sanapatsane nawo moni chiyambire tsiku limene Amayi anadula nthambi ya mtengo wawo wa ndimu, chifukwa inkathothokera masamba pa zovala zoyanika. Koma ku kwaya anthu omwewo amaima phewa ndi phewa mumzere wa alito kuyambira ali atsikana. Mwanayu anaseka mpaka kutsamwa. Anandifunsa chifukwa chake timawatchula a Chigongono, ndipo ndinamuuza zoona: tili ana tinkawaona akugunyuza Amayi ndi chigongono pakati pa nyimbo, Amayi n'kubwezera, ife n'kumatsinana pa benchi kuti ndewu ya ndimu yafika mpaka ku kwaya.

Muwauze Amayi ayambe kusita yunifolomu.

Ndine mlongo wanu.


27 Meyi

Chemwali,

Kalata yako ndalandira. Moni kwa alamu ndi kwa Nyenje. Umuuze kuti malume ake nawonso dzino lina linawachoka, koma lawo silidzameranso. Lole ili bwino, imangokhosomola m'mamawa ngati mwini wake.

Mayeso anachitika. Kunabwera anthu awiri a masuti ochokera ku likulu, n'kumayesa mmodzimmodzi m'holo ya pasukulu. Amayi anakhoza. A Chigongono sanakhoze. Mawu awo anasasa chaka chatha atadwala chifuwa, ndipo sanabwererenso. Akuti atatsegula pakamwa kunangotuluka mphepo. Aphunzitsi a kwaya anachonderera oyesawo, koma sizinathandize. Mayiwo anangotola chikwama chawo n'kutuluka osatsanzika aliyense. Ine ndinkayesa kuti Amayi akondwera poti nthiti zawo zipumulako. Koma anafika kunyumba nkhope ili yakugwa, n'kukagona osadya.

Tsopano khala pansi, ndipo usayambe kukuwa. Lachinayi lapitali Amayi anagwa ku kwaya. Ankayeseza nyimbo yotsekera, ya mchira wautali ija, imene amathera pa mawu akuti "kwathu" n'kuwakoka mpaka iwe womvera kuyamba kubanika. Akuti chapakati pa kukokako anangogwera mtsikana amene aphunzitsi amuika m'malo mwa a Chigongono. Ndinathamangira nawo kuchipatala pa lole. Adokotala anawayeza, akuti palibe chimene apeza. Pobwerera Amayi omwewo ndi amene ankandikalipira kuti ndikuyendetsa ngati wamisala.

Anandiletsa kukuuza, ndiye iwe sunamve kwa ine. Mizere yapitirira itatu, usadandaulenso.

Ndine mlongo wako.


8 Juni

Achimwene,

Moni ndikupatsani, koma mtima suli m'malo. Munthu wamkulu kugwa, inu n'kuziika kumapeto kwa kalata, pambuyo pa nkhani ya mano ndi ya lole! Ndiyankheni bwinobwino. Mtima anauyeza ndi makina kapena anangowagwira pamkono? Nanga shuga? Magazi akuthamanga bwanji? Miyendo ikutupa? Akagona chagada amabanika? Ine anthu ogwa chonchi ndimawaona tsiku ndi tsiku, ndipo amene amauzidwa kuti palibe chimene chapezeka ndi amene amandisowetsa tulo.

Ndalankhula ndi bambo a Nyenje. Tagwirizana kuti pobwerera ndidzatenge Amayi, adzakhale nafe kuno miyezi ingapo kuti madokotala a mtima awaone mofatsa. Chipinda chilipo. Muyambe kuwakonzekeretsa pang'onopang'ono, inu mumadziwa polowera. Ku kwayako ayambe apuma kaye.

Mundiyankhe sabata yomwe ino, chonde.

Mlongo wanu.


21 Juni

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino, ndipo ndikatero ndiye kuti ndili bwino.

Mlongo wako pakamwa pake sipatsekeka, ngati chitseko cha lole yake. Wandiwerengera kalata yako yonse, ndi polowera pomwe. Ine sindikudwala. Masitepe a kumsika ndimakwera ndi dengu m'manja, atsikana ndimawasiya m'mbuyo.

Ku chikondwerero sindipita. Yunifolomu ndachapa, ndasita, ndaika pansi penipeni pa sutikesi. Usandifunse chifukwa. Ngati ukubwerera zimenezo usavutike, sunga tchuthi chako. Za kunditengera kwanuko, ine si katundu.

Nyenje uzimuveka chipewa akamatuluka.

Ndine mayi ako.


6 Julayi

Chemwali,

Moni. Wangoti zii, ndiye ndati ndilembe ndine. Kalata ya Amayi ndinakaponya ndine. Sindinaiwerenge, koma mmene wakhalira chetemu ndikuona kuti inali ndi tsabola.

Polowera unkanena paja ndinapafunafuna osapapeza, ndiye ndinangowawerengera kalata yonse. Chiyambire tsiku limenelo akhulupirira kuti ukubwera kudzawanyamula. Ndege ikamadutsa amatseka zenera.

Aphunzitsi anabwera kunyumba, chipewa m'manja, kudzawachonderera. Amayi anapitakonso kamodzi. Akuti nyimbo zonse anaimba ngati mtsikana. Itafika yotsekera, pamalo omwe aja, milomo inayera, ndipo anzawo anawakhazika pansi asanagwe. Kuyambira pamenepo sanapitenso. Lachinayi madzulo amavala nsapato zawo za ku kwaya n'kukhala pakhonde, osapita kulikonse. Kuseri kwa mpanda nako kumakhala zii, ndi wailesi yomwe osatsegula. Ine ndikamatsuka lole panja ndimachita kuyenda monyang'ama ngati pali maliro.

Ndikuuze zoona, chemwali. Ukawachotsa pano uwapha. Koma ukapanda kubwera uwapha msanga. Dzulo ndinawapeza akuyanika matiresi a bedi lako lakale padzuwa, ati akungofuna aphe nsikidzi. M'nyumba muno mulibe nsikidzi.

Undiuze tsiku lodzakuchingamira.

Mlongo wako.


19 Julayi

Achimwene,

Moni. Ndinakwiyadi. Mayi wokubala kukulembera kuti usavutike! Ndinalira m'chipinda chosinthira zovala kuntchito mpaka mnzanga anayesa kuti kwathu kwagwa zovuta. Koma za matiresizo zandigonjetsa, komanso Nyenje walongedza ndi kumasula chikwama chake kambirimbiri. Tifika Loweruka loyamba la Ogasiti. Mudzasese lole, ufa umamuyetsemulitsa. Ndikubwera ndi chida changa chomvera mtima, ndipo Amayi afune asafune ndidzawamvera ndekha.

Mlongo wanu.


12 Ogasiti

Okondedwa bambo a Nyenje,

Tinafika bwino. Inu muli bwanji? Mukudya chiyani masiku onsewa? Maluwa a pazenera mukuwathirira, kapena ndidzapeza mitembo? Kuno kukutentha moti phula akumata kunsi kwa nsapato. Nyenje wasanduka mthandizi wa malume ake, amabwera madzulo tsitsi lili mbuu ndi ufa, ndipo kuyetsemula waiwala.

Amayi aonda, koma maso ndi omwe aja. Anatilandira pachipata, kundikumbatira, kenako kundiyang'ana m'manja ngati ndabwera ndi chingwe chowamangira. Ndawamvera mtima atangodzuka, masana, ndiponso atakwera masitepe a kumsika. Bambo a Nyenje, mtima umenewu ndi wabwino kuposa wanga ndi wanu. Ndinalongedza chida changa, ndipo iwo anakondwera kundiona nditagonja.

Lachinayi ndinawanyengerera kuti tipite ku kwaya, ndinati Nyenje akamveko. Holo ndi yomwe ija: mabenchi ogwedera, piyano yotha utoto, mazenera ochirikiza ndi miyala. Ine ndinakhala cham'mbali moyang'anizana ndi mzere wa alito, maso pa Amayi ngati ndili pa ntchito. Nyimbo zonse anaimba bwinobwino. Itafika yotsekera, pa "kwathu" wautali uja, ndinaona chinthu chimene ndakhala ndikuchiona kuyambira ndili mwana osachimvetsa. Mkono wawo wamanzere unayamba kutuluka pang'onopang'ono, chigongono chikufunafuna m'mbali. Mtsikana woima pamenepo, mwana waulemu wake, anasendera kuti awapatse malo. Chigongono chinatsala m'malere, chikudikira. Amayi osapuma. Mitsempha ya m'khosi kutupa, milomo kuyera, iwo akukokabe. Ndinalumpha benchi n'kuwagwira asanafike pansi.

Nditawauza aphunzitsi zimene ndinaona, anadzimenya pa dazi. "Ine ndimaima kutsogolo, mwana wanga, ndimangoona pakamwa," anatero. Anandifotokozera kuti mchira wa nyimboyo palibe munthu angaukoke ndi mpweya umodzi. Oimba amapuma mosinthana, wina akuba mpweya mnzake akugwirizira, kuti womvera asamve polumikiza. Achinyamata a masiku ano amangoba pamene afunira. Koma akale anaphunzitsidwa awiriawiri: supuma mpaka mnzako wa pambali akugunyuze, kukuuza kuti puma, ndagwira ine. Ndiye kuti imene ine ndi Achimwene tinkaionera tili ana ija sinali ndewu. Anthu awiri osapatsana moni akhala akupumirana moyo wawo wonse. Ndinachita manyazi.

Panjira ndinati, "Amayi, nanga osangopuma nokha bwanji? Kapena timuphunzitse mtsikanayo."

"Mwana uja? Angandigunyuze ngati akugogoda pachitseko cha eni. Thupi langa silingamumve." Tinayenda pang'ono, kenako anati, "Ndikapuma popanda wondigwirira, nyimbo ibooka. Dziko lonse likumvera, bowo n'kukhala langa? Kuli bwino ndikhale pakhonde."

Ndinafuna kuseka. Bowo la munthu mmodzi pakati pa zikwizikwi! Koma nkhope yawo sinali yoseka nayo.

M'mawa mwake ndinazungulira mpanda. A Chigongono ndinawapeza akuthyola ndimu, ndipo chilonda cha nthambi ija chikadaoneka pamtengo. Mawu awo tsopano ndi onong'ona okhaokha, umachita kuwerama kuti umve.

"Wanenepa," anatero. "Akutuma amako?"

"Ayi, mayi, ndabwera ndekha."

"Ndinadziwa. Aja angatume munthu?"

Ndinawafotokozera zonse. Ndinawakumbutsa kuti pa nyimbo yotsekera amaitana onse amene anaimbapo kale pabwalo lija kuti akwere nawo, wokhoza mayeso ndi wosakhoza yemwe.

"Ndikwere ndikatani? Ndikayasamule?"

"Sitikupempha mawu anu, mayi. Tikupempha chigongono."

Anathyolanso zina mumtengomo. Kenako anandidzaza ndimu m'manja n'kunena kuti, "Izi n'za mwana wako. Amako asalaweko." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndiye tagwirizana chonchi ndi Amayi. Apita, aimba zonse, koma yotsekera isanayambe adzatsika, ine ndidzawadikira pansi pa masitepe. Avomera ngati munthu wopita kukazulitsa dzino. Akuti kuimba zonse n'kusiya yotsekera kuli ngati kuphika n'kuchoka anthu asanadye, koma yunifolomu aitulutsa m'sutikesi. Achimwene akuti ku likulu sapita nawo, ali ndi buledi wokapereka. Ine ndikuona ngati akadandisungira mkwiyo wa kalata yanga yowakalipira ija.

Mutipempherere.

Ndine mayi a Nyenje.


25 Ogasiti

Bambo a Nyenje,

Moni. Ndikulemba mothamanga, ndiye pamene mulephere kuwerenga mudzandifunse ndikabwera. Mawu anga asasa, Nyenje wapsa mphuno ndi dzuwa chifukwa anataya chipewa, koma tonse tili bwino.

Ndinkayesa kuti chikondwererochi ndikuchikumbukira. Sindinkakumbukira kanthu. Tinalowa mu likulu pa basi ya kwaya, ndipo msewu wonse unali mabasi okhaokha, mazenera otsegula, basi iliyonse ikuimba yake. Wapolisi wa pa mphambano ankaongolera magalimoto milomo ikugwedera, akuimba nawo. Kuchokera pakati pa mzinda makwaya anayenda pa mdipiti mpaka kubwalo: a kumigodi, a m'masukulu, anamwino anzanga, madalaivala a sitima, ana ogwirana manja, nkhalamba za ndodo. Anthu a m'nyumba zosanja ankawaponyera maluwa, ena kuwawaza madzi kuti azizidwe. Amayi anayenda msana uli chilili, osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Kubwalo kuli masitepe okwera m'mwamba ngati phiri lodulidwa pakati, denga lopindika pamwamba pake. Oimba anayamba kukwera. Anakwera, anakwera, osatha, yunifolomu mtundu ndi mtundu, mpaka simenti yonse inabisika. Nyenje anandifinya dzanja. "Amayi, simunakokomeze," anatero. "Munachepetsa."

Wotsogolera anakwera pa kansanja kake, kamunthu kakang'ono ngati chala, n'kukweza dzanja. Pamenepo ndinamva chinthu chimene wailesi siitha kutenga: anthu onse aja akukoka mpweya nthawi imodzi, ngati mphepo ija imatsogolera mvula. Kenako mawu anatigunda pachifuwa. Benchi inanjenjemera pansi panga. Bambo wina wamkulu pafupi nafe anavula chipewa n'kuyamba kulira mosabisa, ine ndinamuthandiza. Ndinachita mantha, bambo a Nyenje, koma mantha okoma, oti sufuna kuti athe. Ndinadziona wochepa kwambiri, ndipo sizinandipweteke.

Dzuwa litapendeka ndinasiya Nyenje ndi akazi a aphunzitsi, n'kupita pansi pa masitepe a mbali ya alito, botolo la madzi m'manja. Woulutsa anaitana kuti onse amene munaimbapo pabwalo lino, kwerani. Anayamba kutuluka m'khamu, okalamba okhaokha, ena ogwiriziridwa ndi adzukulu, ena atavala mayunifolomu ofwifwa a makwaya amene anatha kalekale. Oimba anawaombera m'manja. Aliyense ankakwera, Amayi okha ndi amene ankatsika, atagwira chitsulo cha m'mbali, maso pansi. Sindinawaonepo ochepa chonchija, ndipo ndinadana nalo botolo langa.

Kenako ndinamva fungo la buledi. Ndikacheuke, ndi Achimwene, thukuta lili chuchuchu, atawagwira dzanja a Chigongono. Akuti m'mamawa akutenthetsa injini, mayiwo anawagogodera pa zenera la lole atavala kale yunifolomu, n'kuwanong'oneza kuti, "Chigalimoto chakochi chimafika ku likulu?" Buledi yense anali akadali m'lole. Sindikudziwa kuti akawauza chiyani abwana awo.

A Chigongono anawataya dzanja n'kuyamba kukwera okha, sitepe imodzi, kupuma, kenako ina. Anakumana ndi Amayi chapakati. Njirayo ndi yopapatiza, koma palibe anapatuka, palibe analankhula. Anangoimirirana choncho, anthu akuwalambalala. Kenako a Chigongono anatukula chibwano kuloza kumwamba, monga muja timachitira ndi mwana amene watuluka m'kalasi belu lisanalire. Amayi anatembenuka. Anakwera, wina patsogolo wina pambuyo, mpaka pamzere wawo, ndipo mtsikana uja anasendera.

Ine ndinapempha ndekha chigongono chimenechi, koma nditawaona ataima pamenepo ndinayamba kukayika. Mayi amenewa alibe mawu ogwirizira nawo. Ndinkadziwa, ndipo Amayi nawo ankadziwa. Akawagunyuza, adzakhulupirira?

Nyimbo inayamba. Pamene ndinaimapo mawu sankachokera kutsogolo, ankagwa kuchokera kumwamba, ena kutuluka m'nthaka kudzera m'mapazi. Omvera onse anaimirira, kugwirana manja ndi anthu osawadziwa. Itafika pa "kwathu", wotsogolera anatambasula manja onse awiri n'kuwasiya choncho. Mawu aja anapita, anapita, osanjenjemera, osachepa, osamveka polumikiza, ngati palibe munthu ndi mmodzi yemwe wokhala ndi mapapo pabwalo lonselo. Ine maso pa Amayi. Khosi linayamba kutupa. Chigongono chawo chinatuluka. Ndinaponda sitepe yoyamba. Pamenepo ndinaona mkono wa a Chigongono ukugunda nthiti zawo. Amayi osapuma. Anagundidwanso kachiwiri, mwaukali, ndi mkwiyo wonse wa ndimu uja. Ndipo mapewa a Amayi anakwera. Anapuma.

Zotsatira sindinazione bwino, m'maso munadzaza. Sindikudziwa kuti mawu aja anatha liti. Ndikungodziwa kuti wotsogolera atatsitsa manja bwalo lonse linakhala chete, moti ndinamva mbendera ikukupiza pa mtengo wake. Achimwene ankapukuta m'maso ndi chipewa cha kuntchito, ati mwalowa ufa.

Awiri aja anatsika ngati sadziwana. Amayi anamwa madzi theka n'kuika botolo pa sitepe. A Chigongono analitola n'kumaliza. Pobwerera Amayi anakwera basi ya kwaya, iwo lole ya buledi.

Chipinda chija musavutike kuchikonza. Tibwera awiri.

Ndine mayi a Nyenje.


14 Novembala

Mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa bambo a Nyenje, ndi kwa Nyenjeyo. Chipewa chake chinapezeka pansi pa mpando wa basi. Ndachapa, adzachipeza. Zithunzi munalonjeza zija zili kuti? Mlongo wako ntchito sanamuchotse. Akuti abwana ake nawonso anali pabwalo lomwelo, mumzere wa besi.

Unandifunsa pa bwalo la ndege kuti ndinamva bwanji, ine ndinakuyankha kuti uyang'anire chikwama chako. Pakamwa sindikanatha. Ndiyese papepala.

Atandigunda koyamba ndinakana. Ndinati mayi ameneyu akundinamiza, agwira ndi chiyani? Atandigunda kachiwiri nthiti inawawa, ndipo thupi linamvera lokha monga linazolowera. Ndinasiya. Ndinadikira kumva bowo langa.

Mwana wanga, zaka zonsezi ndikamapuma ndinkangomva mawu a mayi ameneyu m'khutu lamanzere, basi. Ndinkayesa kuti nyimbo yonse yalendewera pa iye ndi ine. Tsiku lija kumanzere kunali zii, ndipo kudzera pa zii ameneyo ndinamva onse. Kumbuyo kwanga, pamwamba panga, pansi panga, mpaka kutsidya kwa bwalo, anthu amene sindidzawadziwa, onse atandigwirira. Ndaimba pabwalo limenelo kuyambira ndili mtsikana, koma nyimboyo ndinali ndisanaimvepo. Ndinaiwala kulowanso. Ndinangoima kukamwa kuli yasa ngati mlendo, mpaka anandigunda kachitatu kuti ndibwerere ku ntchito. Nthiti ikadawawa mpaka lero. Usatumize mankhwala.

Chikondwerero chikubwerachi mwina ndidzakhalapo, mwina ayi. Sindikuopanso. Nyimbo ija sidzabooka.

Ku kwaya ndabwerera. Aphunzitsi aika mayi uja kumanzere kwanga, ati ndi wosunga mabuku a nyimbo. Mabukuwo sawakhudza n'komwe. Sitilankhulana, usayembekeze zodabwitsa. Popita iye amayenda mbali ina ya msewu, ine mbali ina.

Mtengo wa ndimu uja waphuka nthambi yatsopano pambali pa chilonda chija, ndipo ikusuzumira kale pamwamba pa mpanda, kuloza pa chingwe changa choyanikira zovala. Dzulo mlongo wako anatuluka ndi chikwanje, ati andithandize isanakule. Ndamuuza kuti akaikhudza azikagona mu lole yake. Chingwecho ndasuntha.

Ndine mayi ako.